Kodi mumadziwa kuti chilala ndi madzi osefukira zingabwere chaka chimodzi?

Zinachitika mu 2024. Pa 23 Malichi chaka chimenecho, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino agwidwa ndi ngozi ya ng'amba ya El Niño. Chimanga chinafota chisanabereke. Koma nyengo yomweyo Nyanja ya Malawi inadzaza kwambiri, madzi n'kulowa m'nyumba, m'malo ogona alendo ndi m'madimba a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo ku Senga Bay m'boma la Salima.

Chifukwa chake n'chakuti madzi ambiri a m'nyanjayi amachokera kumpoto ndi ku Tanzania, kudzera m'mitsinje monga Songwe ndi Ruhuhu, pomwe potulukira ndi pamodzi pokha: mtsinje wa Shire. Kumpotoko kukagwa mvula yamphamvu, nyanja imakwera ngakhale ku Salima kutawala dzuwa.

Akatswiri amati kusintha kwa nyengo kukuwonjezera ukali wa zoterezi. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu, ku Salima komweko, amaopa madzi ochuluka, mnzake wa chimanga kumtunda akulirira dontho. N'zomvetsa chisoni kuti mbewu zizipserera pafupi ndi nyanja yodzaza chonchi. Ulimi wothirira ufike kwa alimi ang'onoang'ono a ku Salima mwamsanga.