Jambulani Mau a Agogo Nthawi Isanathe

Alimi anzanga a m'boma la Chiradzulu, kwa Kadewere, kwa Mpama ndi kwa Nkalo, tamverani. Mlimi wanzeru sadya mbeu yonse. Amasungako ya chaka chamawa. Nanga nyimbo ndi nthano za makolo tikuzisunga kuti?

M'chaka cha 1958 Bwana Hugh Tracey anayenda m'dziko muno ndi makina ojambulira mau. Nyimbo zimene anajambula zikusungidwa pa Rhodes University ku South Africa, ndipo zinaikidwa m'kompyuta. Ambiri mwa oyimbawo anamwalira, koma mau ao akumvekabe. Mu 2014 bungwe la UNESCO linalemba gule wa Tchopa, amene Alhomwe amavina akakolola bwino, pa mndandanda wa chuma cha anthu a dziko lonse.

Lero kuli makina anzeru otha kumva mau a munthu ndi kuwalemba. Makinawa amaphunzira kuchokera ku zimene anthu anajambula kapena kulemba kale. Chilankhulo chosajambulidwa sachidziwa, ndipo Chilhomwe achinyamata ambiri sachilankhulanso.

Tsono chitani izi. Madzulo tengani foni, mupemphe agogo mwaulemu kuti ayimbe nyimbo za pamtondo, afotokozenso kasungidwe ka nandolo ndi mapira. Poyamba atchule dzina lao, mudzi ndi tsiku. Zachinsinsi za kuchinamwali musajambule. Mukatha tumizani mauwo ku mafoni ena awiri, chifukwa foni imatayika.

Musadikire kuti mpaka mukolole. Yambani mlungu uno.