Mmene Ophunzira a ku Yunivesite Amasankhira Atsogoleri Awo

Ena mwa ife tili ndi ana kapena adzukulu ku yunivesite. Ena ali kutali ku Maputo, pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane. Ena ali pafupi, ku Ulónguè, kumene Yunivesite ya Zambeze imaphunzitsa za ulimi. Mwana akabwera kutchuthi n'kunena kuti kusukulu kunali chisankho, tisadabwe. Ophunzira ali ndi bungwe lawo, ndipo amasankha okha owatsogolera.

Bungweli ndi la chiyani? Mwana wochokera kumudzi amafuna pogona, chakudya, mabuku ndi ndalama zomuthandiza pa maphunziro. Ndalamazo zikachedwa, amagona ndi njala. Akapita yekha kwa akuluakulu a yunivesite, mawu ake sapita patali. Bungwe ndilo limamulankhulira. Likakhala ndi atsogoleri aulesi, wovutika ndi mwana yemweyo.

Mabungwe otere anayamba kale, nthawi ya atsamunda. Mu 1949 Eduardo Mondlane anayambitsa NESAM, bungwe la ana a Chiafirika a kusekondale, ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Yunivesite kunalibe. Inakhazikitsidwa mu 1962, ndipo ambiri ophunzira pamenepo anali ana a Apwitikizi. Joaquim Chissano anatsogolerapo NESAM, Armando Guebuza nayenso. Onse awiri anadzakhala apulezidenti a dziko, wina mu 1986, wina mu 2005. Boma la atsamunda linkaliopa bungwelo, ndipo pambuyo pake linaliletsa.

Lero ufulu wokhazikitsa mabungwe uli m'lamulo la 1991. Tsono tiyeni tione mmene chisankho chimayendera.

Poyamba pamasankhidwa kagulu koyendetsa chisankho. Amene ali m'kaguluka saloledwa kupikisana nawo. Woimba mluzu pa mpira samenya nawo mpira. Iwo amalengeza tsiku, nakonza kaundula wa ophunzira oyenera kuponya voti.

Kawirikawiri munthu saima yekha. Ofuna udindo amagwirizana, n'kulemba maina awo pa mndandanda umodzi, umene pa Chipwitikizi amati lista. Pamakhala Lista A, Lista B, nthawi zina ndi Lista C. Lista iliyonse ili ndi pulezidenti, wachiwiri wake, mlembi ndi msungichuma. Amayenda m'makalasi ndi m'nyumba zogona kufotokoza zimene adzachita. Ena amalonjeza zoti sangathe. Wophunzira wanzeru amafunsa: ndalama zake mudzazitenga kuti?

Maudindo sali pamodzi onse. Ali patatu. Pali oyendetsa msonkhano waukulu wa mamembala onse. Pali ogwira ntchito za tsiku ndi tsiku, amene mkulu wawo ndi pulezidenti. Ndiye pali oyang'anira chuma, otchedwa Conselho Fiscal. Ife tikuona kuti gulu lachitatuli ndilo anthu amalinyozera, chonsecho ndi lofunika kwambiri. Oyang'anira chuma sasunga ndalama. Sagula kanthu. Ntchito yawo ndi kutsegula buku la msungichuma, kuwerenga malisiti, ndi kuuza msonkhano waukulu ngati zolembedwa zikugwirizana ndi ndalama zotsala. Mukaikapo mnzake wapamtima wa msungichuma, adzaona cholakwa n'kukhala chete. Amene munakhalapo m'gulu la alimi mukudziwa mmene thumba limathera popanda wofunsa.

Tsiku la chisankho, wophunzira amaonetsa khadi lake. Dzina lake limachongedwa m'kaundula kuti asaponye kawiri. Amalandira pepala, napita poduka mphepo, nalemba chizindikiro pa lista imene waikonda. Amapinda pepalalo n'kuliponya m'bokosi. Bwanji osangokweza manja? Chifukwa pokweza dzanja munthu amayang'ana nkhope ya mnzake wogona naye chipinda chimodzi, kapena ya wakwawo, n'kuchita manyazi. Pa pepala lopinda palibe womuona.

Madzulo bokosi limatsegulidwa pamaso pa nthumwi za malista onse. Mavoti amawerengedwa mokweza, limodzilimodzi. Zotsatira zimalembedwa, nthumwi zonse n'kusainira. Amene sakukhutira amapereka dandaulo lake molemba kwa oyendetsa chisankho.

Opambana salowa tsiku lomwelo. Pamakhala tsiku lina lolandira udindo. Atsogoleri akale amapereka makiyi a ofesi, chidindo ndi mabuku a ndalama. Atsopanowo amawerenga kaye zimene alandira, kenaka n'kusaina.