Alonda Amene Amadula Uthenga m'Thupi la Munthu

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso tochedwa maselo. Pakati pa selo pali nyukiliyasi, kumene kuli ngati kwa mfumu: malangizo a DNA amasungidwa kumeneko, ndipo mthenga wake, RNA, amawatulutsa kuti mapuloteni apangidwe.

Mu 1998, Andrew Fire ndi Craig Mello a ku America anapeza mu kanyongolotsi kuti mthengayo angathe kutsekedwa pakamwa, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2006. Enzaimu yochedwa Dicer imaduladula RNA ya zingwe ziwiri. Inzake, Argonaute, imanyamula kacidutswa kamodzi ngati cizindikiro, nisakasaka uthenga wogwirizana nako, ndi kuudula.

Akatswiri ambiri anali kuganiza kuti mwa munthu nchito imeneyi imacitikira kunja kwa nyukiliyasi kokha. Koma mu 2014 gulu la David Corey ku Dallas linaonetsa kuti Argonaute ali m'katimo ndithu ndipo amadula RNA, ngakhale kuti kacidutswako amakalandirira kunja.

Nkhaniyi ikukhudza odwala. Mankhwala oyamba otseka uthenga mwa njirayi, patisiran, anavomerezedwa ku America mu 2018 pocizira matenda obadwa nawo amene amaononga mitsempha.