Kodi Achira ndi Mankhwala Kapena Zangochitika?

Tonse tinamvapo munthu akunena kuti, "Ndinamwa mankhwala akutiakuti, masiku atatu okha ndinadzuka." Timakondwera naye, koma funso limatsala: kodi akanapanda kumwa sakanachira? Matenda ambiri, monga chimfine, amatha okha. Tikalephera kusiyanitsa mphamvu ya mankhwala ndi zongochitika mwamwayi, titha kutaya ndalama, ngakhalenso moyo wa mwana.

Akatswiri a ziwerengero ali ndi njira yoyankhira funsoli. Tiyambe ndi ndalama yachitsulo. Tikaiponya m'mwamba ka 10, nthawi zambiri mbali imodzi imaoneka ka 4, ka 5 kapena ka 6. Zimenezi zimachitika pafupifupi kawiri pa maulendo atatu alionse. Koma kuti mbali yomwe tasankha ioneke ka 10 konse, zimayembekezeka kamodzi kokha pa maulendo 1,024. Zikatero timayamba kuikayikira ndalamayo.

Poyesa mankhwala amaganizanso chimodzimodzi. Amayamba ndi ganizo loti mankhwalawo sathandiza konse. Kenako amawerengera kuti, ngati ganizolo lili loona, zotsatira ngati zomwe apezazo zikanaoneka kangati. Ofufuza ambiri anagwirizana kuti ngati zikanaoneka kosakwana kamodzi pa maulendo 20, ganizo loyambalo alisiye.

Chitsanzo chodziwika ndi cha ku Britain. M'chaka cha 1948, bungwe la Medical Research Council linafalitsa zotsatira za kafukufuku wa streptomycin pa odwala chifuwa chachikulu cha TB. Panthawiyo chithandizo chachikulu chinali kugona pabedi, ndipo mankhwala atsopanowo anali ochepa kwambiri. Katswiri wa ziwerengero, Austin Bradford Hill, anakonza zoti odwala agawidwe ngati mwa mayere, gulu la munthu aliyense litabisidwa mu envelopu yomata. Anatero kuti dokotala asamapereke mankhwalawo kwa okhawo amene akuwaona kuti ali ndi mphamvu.

Odwala 55 analandira streptomycin pamodzi ndi kugona, ena 52 anangogona. Patatha miyezi 6, pagulu loyamba panamwalira anthu 4, pagulu lachiwiri 14. Atawerengera anapeza kuti kusiyana kotere kukanangochitika kokha kosakwana kamodzi pa maulendo 100. Mankhwalawo anali ndi mphamvu ndithu.

Komabe kuwerenga sikunathere pomwepo. Atapitiriza kuwatsata odwalawo, anaona kuti tizilombo ta TB tinayamba kupirira streptomycin akaperekedwa yekha. Apa ndi pomwe panachokera nzeru yophatikiza mankhwala angapo, imene tikuionabe lero kuchipatala. N'chifukwa chakenso odwala TB amauzidwa kuti amalize mankhwala onse ngakhale akumva bwino.

Tizikumbukira kuti malire a kamodzi pa 20 ndi mgwirizano chabe wa anthu. Tikayesa zinthu 20 zopanda ntchito, chimodzi chitha kuoneka ngati chathandiza. Choncho kafukufuku mmodzi sakwanira, pamafunika ena abwereze.

Ndiye wina akatibweretsera botolo pakhomo kapena uthenga pa WhatsApp, timufunse mwaulemu mafunso atatu. Anayesa pa anthu angati? Anawayerekeza ndi ndani? Nanga amene anamwa koma osachira, ali kuti? Ochira amabwera kudzapereka umboni, osachira sabwera. Tisanasiyitse wodwala wathu mankhwala a kuchipatala chifukwa cha nkhani ya munthu mmodzi, tiyambe tawerenga onse.