KODI GALIMOTO YOKHULUPIRIKA NDI ITI KWA MUNTHU WA KWA MPOSA?

Masiku ano aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi antchito ena a Boma ambiri alikulingalira zogula galimoto yaing'ono, imene amaitcha saluni, yoti aziyendera popita ku ntchito. Paliponse pamene akumana funso lawo ndi limodzi: kodi tigule Toyota, Nissan, Mazda, kapena ya ku Germany? Funsoli si laling'ono ai, pakuti ambiri amagula ndi ndalama za ngongole zimene zimadulidwa pa malipiro awo kwa zaka zingapo. Munthu akasankha molakwa, galimoto imakhala pa miyala kuseri kwa nyumba, pamene ngongole irikudulidwabe mwezi ndi mwezi.

Tiyeni tione nkhaniyi ndi maso a munthu wogwira ntchito kwa Mfumu Mposa m'boma la Machinga. Dera limeneli liri pakati pa mapiri a Chikala ndi nyanja ya Chilwa. Wofuna chipatala chachikulu cha boma ayenera kufika ku Liwonde, ndipo wofuna maofesi ena ayenera kufika ku Machinga, ku Zomba kapena ku Balaka. Asanafike pa msewu wa phula wa M3 ayenera kuyamba wayenda pa msewu wa dothi, umene uli wa fumbi ndi mabampu m'chilimwe, ndipo m'dzinja uli wa matope ndi zithaphwi. Galimoto ya munthu wotere iri ndi mayeso tsiku ndi tsiku.

ZIMENE A KUNJA APEZA

Ku America kuli mabungwe monga Consumer Reports ndi J.D. Power amene amafunsa eni magalimoto zikwi zambiri chaka ndi chaka za zovuta zimene apeza. M'mafunso amenewa Toyota ndi Lexus, amene ali a kampani imodzi, kawirikawiri amakhala pakati pa otsogola, ndipo Honda ndi Mazda sakhala kutali. Mbiri yomweyi iri ndi umboni wina. Corolla inayamba kupangidwa mu 1966, ndipo pofika 2021 anali atagulitsa zoposa 50 miliyoni. Anthu sabwerera kachiwiri kwa wogulitsa amene anawakhumudwitsa.

Koma tsono owerenga athu akumbukire kuti mafunso aja amayankhidwa ndi anthu oyenda pa phula, amene anagula galimoto yatsopano, ndipo garaja ya kampani iri pafupi ndi nyumba zawo. Komanso palibe kampani yopanda chilema. Mu 2009 ndi 2010 Toyota inaitanitsa magalimoto mamiliyoni ambiri chifukwa cha vuto la chopondera mafuta. Pambuyo pake matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi, opangidwa ndi kampani ya Takata, anapezeka kuti ena amaphulika ndi kumwaza tizitsulo. Matumbawo anali m'magalimoto a Honda, Toyota, Nissan, Mazda ndi ena ambiri, ndipo kampani ya Takata inagwa mu 2017. Chotero dzina lolembedwa kutsogolo kwa galimoto silinena zonse.

PHUNZIRO LA KALE

Achikulire akumbukira kuti kale galimoto yotchuka m'misewu ya dothi ya mu Africa inali Peugeot ya ku France. Peugeot 404 inapambana mpikisano wovuta wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo inakondedwa chifukwa inali yolimba kunsi ndi yosavuta kukonza. Pambuyo pake Datsun, imene lero ndi Nissan, inapambana mpikisano womwewo mu 1970 ndi 1971. Lero munthu akafuna chitsulo cha Peugeot 404 ku Liwonde adzayenda masiku osachipeza. Galimotoyo siinasinthe, koma amalonda ndi amakaniko anatsata magalimoto ena. Apa tiphunzirapo kuti galimoto imakhulupirika pamene iri ndi abale ake pafupi.

KUMENE ZICHOKERA

Saluni zambiri zimene antchito a Boma amagula ndi zogwirapo kale ntchito ku Japan. Kumeneko lamulo limati galimoto iyesedwe ikatha zaka zitatu, ndipo kenaka zaka ziwiri zirizonse, ndipo mayesowo ndi odula, kotero kuti ambiri amagulitsa galimoto ikadali ndi mphamvu. Popeza a ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, chiongolero chimakhala mbali yoyenera. Zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe ku Karonga, ndipo pofika ku Machinga zimakhala zitayenda makilomita oposa 1,500. Msonkho wa bungwe la MRA umakula molingana ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Nchifukwa chake injini ya malita 1.5 iri yoyenera thumba la mphunzitsi, pa msonkho ndi pa petulo pomwe.

KUYEREKEZA

Toyota Corolla Axio, Premio ndi Allion zambiri za malita 1.5 ziri ndi injini yotchedwa 1NZ-FE. Injini yomweyi iri mu Fielder, mu Probox ndi mu Sienta zakale, zimene zadzaza m'misewu yathu kunyamula anthu ndi katundu. Tanthauzo lake ndi lakuti masipeya ake, atsopano ndi akale, amapezeka m'masitolo ang'onoang'ono a m'matauni, ndipo makaniko wamba anaitsegulapo kambirimbiri. Choipa chake ndi mtengo, pakuti wogulitsa aliyense adziwa kuti anthu amaifuna. Koma mtengo womwewo umabwerera kwa mwini wake tsiku limene afuna kuigulitsa.

Nissan Tiida Latio ndi Bluebird Sylphy kawirikawiri zimatsika mtengo pogula, ndipo m'kati mwake muli malo okwanira banja. Injini zake ndi zabwino. Pofunika kusamala ndi pa giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imasintha liwiro ndi lamba wachitsulo m'malo mwa magiya a mano. Ku America dandaulo linakula kotero kuti Nissan inatalikitsa chitsimikizo cha giyabokosiyi pa magalimoto a 2003 mpaka 2010 kufika zaka 10 kapena mailosi 120,000. Tisanamize owerenga: Axio ndi Premio za masiku ano nazonso ziri ndi CVT. Giyabokosi yotere, ya kampani iriyonse, imafuna oyilo wakewake, ndipo imadana ndi kutentha kumene kumadza pamene woyendetsa alikukakamiza galimoto yotitimira m'matope. Wothira oyilo wamba kuti apulumutse ndalama adzalipira giyabokosi yonse.

Mazda Axela ndi saluni za Honda ndi zopangidwa bwino ndipo zimagwira msewu, koma ndi zochepa m'dera lino poyerekeza ndi Toyota. Chitsulo chikafa, mwina munthu ayenera kuchitsata ku Limbe kapena ku Lilongwe.

Mercedes-Benz ndi BMW zakale zimakopa maso, ndipo nthawi zina zimagulitsidwa pa mtengo wofanana ndi wa Corolla. Apa ndi pamene akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Magalimotowa ali ndi zamagetsi zambiri zofuna kompyuta ndi mmisiri wophunzira, ndipo masipeya ake ndi odula ndi oitanitsa kunja. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chitsulo chirichonse chochokera kunja chinakwera mtengo nthawi yomweyo.

ZOYENERA KUONA MUSANALIPIRE

Choyamba, gwadani muone kunsi. Saluni zambiri za ku Japan ndi zazifupi, ndipo mwala umodzi wa pa msewu wa kwa Mposa ungaboole chosungira oyilo. Onaninso dzimbiri, pakuti m'zigawo zozizira za Japan amathira mankhwala a mchere m'misewu posungunula chipale. Chachiwiri, musakhulupirire makilomita olembedwa pa wotchi okha, chifukwa alipo osakhulupirika amene amawabweza. Yerekezani ndi kutha kwa chiongolero, mipando ndi zopondera. Chachitatu, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ayendetse galimoto pa chitunda injini itatentha, amve ngati giyabokosi irikulira kapena kunjenjemera. Chachinayi, nambala ya chesesi igwirizane ndi ya m'makalata, ndipo umwini usinthidwe ku ofesi yoona za pamsewu. Sungani ndalama zina za inshuwalansi, za chiphaso cha COF, za matayala ndi za oyilo. Wotha ndalama zonse pa tsiku logula wagula galimoto yoimika.

MAU OTSIRIZA

Tikaika zonse pa sikelo, ife tiona kuti kwa munthu wa kwa Mposa Toyota ya malita 1.5 iri patsogolo. Chifukwa chachikulu si chakuti siifa, koma chakuti ikafa Lachisanu ingathe kudzuka Loweruka, mphunzitsi nafika m'kalasi Lolemba. Komabe Nissan kapena Mazda imene mwini wake anaisamala iposa Toyota imene inazunzidwa. Musanafunse wogulitsa, pitani kwa amakaniko ndi ogulitsa masipeya a ku Liwonde, ku Zomba ndi ku Balaka, muwafunse galimoto imene angakonze lero lomwe ndi zitsulo zimene ziri pa shelefu. Yankho lawo likhale lotsogolera ndalama zanu.