Nthano za Mizimu ya ku Japan Zakopa Ana m'Makomboni a Lusaka

Dzuwa likapendeka m'makomboni a Kanyama, Matero ndi Chawama, pamene amai ali kalikiliki kukoleza mbaula, kawirikawiri munthu amaona ana anai kapena asanu ataunjikana pakhonde, mitu ili pamodzi ngati anapiye pa mbale ya gaga. Pakati pao pamakhala lamya imodzi ya m'manja. Cimene akupenyerera ndi zithunzi zoyenda zojambulidwa, zocokera ku dziko la Japan. Ana amazicha "tukadoli" kapena "makatuni", koma eni ake amati "anime". Zambiri mwa izo zimasimba za anthu amene amakomana ndi mizimu ya m'mitsinje, m'mapiri ndi m'nkhalango.

Ana amenewa akapita kumudzi pa chuthi, ku Katete, Petauke, Chadiza kapena Lundazi, amachula maina acilendo ndi kujambula pa dothi zinthu za maso akuluakulu ndi nyanga. Makolo ena amadabwa, ena amaopa kuti mwina adzukulu ao akuphunzira ufiti. Nkhawa yotere si yoseketsa ai, pakuti mwana ndiye cuma ca mtundu. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Nkofunika kuyamba kudziwa kumene nthanozi zinacokera, ndi cimene cimakoka mitima ya ana kwa izo.

Mlendo wa kutali

Japan ndi dziko la zisumbu ku m'mawa kwa Asia, koma si mlendo weniweni kwa Zambia. Pa 24 October 1964, tsiku limene dziko lino linalandira ufulu, masewera a Olympic anali kutsekedwa mu mzinda wa Tokyo. Osewera amene analowa m'masewerawo m'dzina la Northern Rhodesia anaturukamo m'dzina la Zambia. Pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1990, Boma la Japan linathandiza kubweretsa madzi a m'mipope m'komboni ya George, kumene matenda a kolera anali kuvutitsa anthu.

Ngakhale kuti Ajapani ndi ochuka pa nchito yopanga galimoto ndi mawailesi, sanataye miyambo ya makolo ao. Cipembedzo cao cakale, cochedwa Shinto, cimaphunzitsa kuti m'phiri, mumtsinje ndi mumtengo waukulu mungakhale mzimu woyenera ulemu. Mtengo wotere amaumanga cingwe ca udzu wa mpunga kuti wodutsa adziwe kuti pamalopo mpopatulika, ndipo m'mbali mwa njira mumapezeka timakacisi m'mene anthu amasiya cakudya. Wokalamba wa ku Cipata amene anaonapo nsembe ya ufa ikuthiridwa patsinde pa msolo sangacedwe kumvetsa zimenezi.

Kuonjezera apo ali ndi zolengedwa za m'nthano zimene amazicha "yokai". Pali kappa, kamene amati kamakhala m'maiwe, kali ndi cigoba ngati ca kamba ndi kambale ka madzi pamutu. Amati munthu akakaweramira mwaulemu nako kamawerama, madzi aja natayika, mphamvu zace nkutha. Pali kitsune, nkhandwe imene imasanduka munthu, ndi tanuki, kanyama kamacenjera ngati Kalulu. Palinso cikhulupiriro cakuti ciwiya ca m'nyumba cikakwanitsa zaka 100 cimakhala ndi mzimu, ndipo cingakwiye ngati citayidwa mwacipongwe.

Mwana amene anamvera nkhalamba

Nthanozi zikanatha kuiwalika monga zinaiwalikira zambiri m'maiko ena. Mu 1910 Bambo Kunio Yanagita, amene anali m'nchito ya Boma, anasindikiza buku lochedwa Tono Monogatari, m'mene analemba nthano 119 zimene anamva kwa mnyamata wa ku Tono, dzina lace Kizen Sasaki. Bukulo linatsegula maso a anthu ophunzira kuti nkhani za anthu akumidzi nzamtengo wapatali.

Amene anazifikitsa kwa ana ndi Bambo Shigeru Mizuki, amene anabadwa mu 1922 namwalira mu 2015. Ali mwana m'tauni ya asodzi ya Sakaiminato, anali kukonda kukhala pafupi ndi mai wina wokalamba wothandiza nchito panyumba pao, amene anali kumsimbira za mizimu ya m'nyanja ndi ya m'manda. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anatumizidwa ku cisumbu ca New Britain, kumene anaduka mkono wamanzere. Atabwerera kwao anayamba kujambula ndi dzanja limodzi lotsalalo. Nthano yace ya GeGeGe no Kitaro, ya kamnyamata ka diso limodzi koyanjanitsa anthu ndi mizimu, inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema mu 1968. Mu 1993 tauni ya kwao inatsegula mseu wa dzina lace wokhala ndi zosema zamkuwa za mizimu ija, ndipo alendo amapitako kukaona. Cuma conseco cinayambira pa nkhalamba imodzi yosauka ndi mwana mmodzi wakhutu lakumva.

Cimene cimakoka ana

Cinthu coyamba ncakuti ana a m'nthanozi ali ndi mabvuto amene mwana wa ku Mtendere kapena Kalingalinga amawadziwa bwino. M'nthano ya Natsume Yujin-cho, yolembedwa ndi Mai Yuki Midorikawa ndi kuyamba kuonetsedwa mu 2008, muli mnyamata wamasiye dzina lace Takashi Natsume. Iye amaona mizimu imene ena saiona, ndipo cifukwa ca ici abale anali kungopatsirana, wina namsunga pang'ono, wina namkana, kufikira banja lina lacifundo linamtenga. Ambuya ace anamsiyira buku m'mene munalembedwa maina a mizimu imene iwo anagonjetsa, ndipo mwini bukulo ali ndi mphamvu yoilamulira. Mnyamatayo sanafune ukapolo wotere. Nchito yace ndiyo kubwezera mzimu uliwonse dzina lace kuti upite mwamtendere. Mwana amene analeredwapo m'nyumba zitatu kapena zinai makolo ace atamwalira safunika womasulira kuti amve nthano yotere.

M'cigawo cina ca nthano yomweyo muli mzimu wa pakacisi umene unali kucepa msinkhu pamene anthu oupembedza anali kucepa, kufikira panatsala mai mmodzi wokalamba. Tsiku limene maiyo anamwalira, mzimuwo nao unazimirira. Acewa ndi Ansenga amadziwa kuti mzimu wa kholo umafuna kukumbukiridwa, ndipo ncifukwa cace mwana amapatsidwa dzina la malemu, ndi mowa umafulidwa pokumbukira amene anapita.

Nthano ina imene yachuka kwambiri ndi Demon Slayer, imene inayamba kuonetsedwa mu 2019. Mnyamata wa m'nthanoyi, Tanjiro, ndi wogulitsa makala, amene mu Lusaka amachedwa malasha. Tsiku lina pobwera kumsika anapeza ciwanda citapha a pabanja pace, ndipo mlongo wace Nezuko yekha ndiye anatsala, koma atasanduka ciwanda nayenso. Iye sanamtaye. Anamuika m'bokosi, namubereka kumsana, nayamba ulendo wofuna mankhwala omcizira. Ana amakonda nkhondo za malupanga zimene zirimo, koma fupa la nkhaniyo ndi cibale cimene sicitha ngakhale pa tsoka.

Mtsinje wodzala zinyalala

Cinthu caciwiri ncakuti mizimu ya m'nthanozi kawirikawiri imabvutika cifukwa ca zocita za anthu. Kanema wa Spirited Away, wopangidwa ndi Bambo Hayao Miyazaki mu 2001 ndi kulandira mphotho ya Oscar ku America mu 2003, amasimba za Chihiro, mtsikana wa zaka 10. Makolo ace anadya cakudya ca mizimu popanda kupempha, ndipo anasanduka nkhumba. Kuti awapulumutse, mwanayo analowa nchito m'nyumba yosambiramo mizimu. Tsiku lina kunafika mlendo wonunkha koopsa, thupi lonse matope okhaokha, kotero kuti onse anamthawa. Chihiro anamsambitsa, ndipo m'thupi mwace munaturuka njinga yakutha ndi mulu wa zinyalala. Pamenepo anthu anazindikira kuti anali mzimu wolemekezeka wa mtsinje umene anthu anauipitsa.

Phunziro limeneli si lacilendo m'makomboni. Nyengo ya dzinja ngalande zotsekeka ndi mapulasitiki zimasefukira, madzi nalowa m'nyumba za ku Kanyama ndi kusakanizika ndi za m'zimbudzi. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 ndi umene anthu a mu Lusaka sadzauiwala msanga: bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo kutsegulira masukulu m'caka ca 2024 kunacedwetsedwa. Mwana amene anaona zimenezi amamvetsa kuti madzi akacitidwa cipongwe amabwezera.

Makolo a kuno anali kuphunzitsa zomwezo m'njira yao. Ku Malawi, madzi ndi miyala zitagumuka paphiri ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, anthu anati Napolo wadutsa. Atonga a m'cigwa ca Zambezi, amene pafupifupi 57,000 a iwo anasamutsidwa pomanga damu la Kariba, anati zigumula za mu 1957 ndi 1958 zinali mkwiyo wa Nyaminyami. Ajapani naonso ali ndi kanema wochedwa Pom Poko, wa mu 1994, wosimba za tinyama ta tanuki tolimbana ndi anthu amene anali kugwetsa nkhalango yao kuti amange nyumba pafupi ndi Tokyo. Ndipo monga ambuya amaopseza mwana kuti padziwe pali cirombo, ku Japan cithunzi ca kappa cimaikidwa pa zikwangwani zocenjeza ana kuti asasewere pa madzi akuya.

Pofunika kucenjera

Komabe cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Si anime yonse imene inapangidwira ana. Ku Japan zithunzi zojambula zimapangidwira misinkhu yosiyanasiyana, ndipo zina nza akulu okhaokha. Demon Slayer ili ndi mwazi wambiri ndi kudulana mitu, ndipo siyenera mwana wamng'ono. Zina ziri ndi zamanyazi zosayenera kuonedwa ndi mwana aliyense. Kholo lisanyengedwe poganiza kuti ciriconse cojambulidwa ndi kadoli cabe. Njira yabwino ndiyo kukhala pansi ndi mwanayo, kupenyerera naye cigawo cimodzi, ndi kumfunsa kuti asimbe cimene waona. Ngati asimba za cifundo, kulimba mtima ndi ulemu, palibe coopsa. Ngati abisa lamya mkulu akayandikira, pamenepo mpofunika kufufuza. Ndiponso mwana wocezera pa lamya usiku wonse amawodzera m'kalasi, ndipo ndalama ya ndiwo ingathere pa kugula mabando a intaneti.

Za ufiti, nkoyenera kunena poyera kuti zithunzizi zimajambulidwa ndi anthu olembedwa nchito m'makampani, monga momwe mmisiri amasemera mpini. Amene anamva nthano ya Kalulu ndi Fisi sanasanduke fisi.

Nchito ya ambuya

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Cimene mlendo uyu waonetsa ncakuti ana a m'tauni ali ndi njala ya nthano za mizimu, za nyama zolankhula ndi za malo opatulika, ndipo popeza pakhomo palibe wowasimbira, akuzitenga kwa eni ace a kutali. Pamene dziko lino liri nazo zokwanira. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kukhala cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, ndipo mwezi wa August Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Acikulire akukumbukira momwe mabanja anali kuzungulira wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kumvetsera malemu Julius Chongo pa pologalamu ya Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi akusintha mau kukhala mfumu, nkhalamba ndi cirombo.

Luso lojambula nalonso lafika. Mu 2023 kampani ya Netflix inayamba kuonetsa Supa Team 4, nthano ya atsikana anai opulumutsa mzinda wa Lusaka, imene anaiyambitsa ndi mwana wa dziko lino, Mai Malenga Mulendema. Pakati pa ana ojambula pa dothi ku George ndi ku Matero pangaturuke wina wodzajambula Napolo, Nyaminyami ndi Kalulu. Koma sangajambule cimene sanamve.

M'caka ca cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku, malamya nathima, makomboni nakhala mumdima ngati kumudzi. Nyumba imene inali ndi nkhalamba yodziwa nthano inali ndi coceza naco. Tsono adzukulu akafika pa chuthi cikudzaci, ambuya asawalande lamya mwaukali. Ayambe awafunsa za kappa ndi za mnyamata wamalasha uja, namvetsere bwino. Akatha, asonkhezere moto, anene kuti "Panangokhala," ndi kuwaphunzitsa kuyankha kuti "Tiri tonse."