Misika ya pabwalo ku Mangalande: kumene mlimi agulitsa yekha zokolola zace

Ambiri a ife tikamva za ku Mangalande timaganiza za London, za nyumba zosanjikizana ndi masitolo akuluakulu, ndipo timayesa kuti munthu wa kumeneko sagula kabici panja. Si conco ai. M'matauni ang'onoang'ono a kumidzi muli misika ya pabwalo, ndipo ina mwa iyo yakhala pa malo amodzi kwa zaka zoposa 700.

Tiyambe ndi Salisbury. Acikulire asasokonezeke: si Salisbury uja wa ku Rhodesia amene anasanduka Harare m'caka ca 1982, koma mzinda waung'ono wa m'cigawo ca Wiltshire, kum'mwera kwa dzikolo. Mfumu Henry III inapatsa mzindawu kalata ya cilolezo ca msika m'caka ca 1227, ndipo kufikira lero msika ucitika Laciwiri ndi Loweruka.

Mlendo wofuna kuona zonse afike kukali mbandakuca. Adzapeza bwalo lalikulu la pakati pa mzinda liri pululu, ndipo posacedwa magalimoto ayamba kufika. Amuna ndi akazi obvala majekete okhuthala atsitsa zitsulo, amanga matebulo, nafunda matenti pamwamba cifukwa mvula ya kumeneko siyembekeza dzinja. Dzuwa likamakwera bwalo ladzaza: mbatatesi, anyezi, kabici, maapozi, mazira, nsomba zogoneka pa madzi oundana, buledi, chizi, maluwa, nsalu ndi mapoto. Tinjira ta m'mbali mwa bwalo tikali ndi maina a malonda amene ankacitikamo kale. Butcher Row inali ya opha nyama, Fish Row ya nsomba, Ox Row ya ng'ombe. Capafupi pali kanyumba ka miyala kopanda zipupa kochedwa Poultry Cross, pamene ankagulitsira nkhuku ndi atsekwe.

Munthu wa kwathu adzadabwa ndi zingapo. Mtengo ulembedwa pa kapepala ndi kuikidwa pa katundu, ndipo kunenerera kulibe. Ogula aima pa mzere, wina pambuyo pa mnzace, ngakhale akhale atatu okha. Mbasela musaiyembekezere. Cokhaco cimene cifanana ndi kwathu ndi pakamwa pa ogulitsa zipatso, amene afuula mitengo tsiku lonse, ndipo madzulo akayandikira atsitsa mtengo kuti asabwerere ndi katundu woti akaola.

Kale munthu sankangoyambitsa msika pamene wafuna. Cilolezo cinkacokera kwa mfumu, ndipo mwini msika ankalandira msonkho. Panalinso lamulo lakuti msika watsopano usayandikire wakale kucepera mailosi 6 ndi magawo awiri mwa atatu a mailo, kumene kuli makilomita 10 ndi pang'ono. Woweruza wina wa zaka za m'ma 1200, Henry de Bracton, anafotokoza cifukwa cace motere: munthu ayenda mailosi 20 pa tsiku, ndipo tsikulo aligawa patatu, gawo lopitira, gawo logulitsira ndi gawo lobwerera kwao kusanade. Ali yense amene anasenzapo dengu la tomato kupita nalo ku boma adzavomereza kuti woweruzayo anawerenga bwino. Pa misika ina panali ngakhale bwalo la milandu, lochedwa ndi mau otanthauza “mapazi a fumbi”, loweruza tsiku lomwelo mikangano ya miyeso yonyenga ndi ngongole, kuti wa malonda wocokera kutali asacedwe pa ulendo. Maina a matauni nawonso acitira umboni. Liu lakuti Chipping, monga mu Chipping Norton ndi Chipping Campden, linali kutanthauza msika m'Cingerezi cakale.

Koma tiyenera kunena zoona. Pa msika wonga wa ku Salisbury, ogulitsa ambiri si alimi. Nthoci ndi malalanje zimene muona pa tebulo sizibala ku Mangalande. Wogulitsayo anakazipikula usiku ku msika waukulu wa mu mzinda. Nanga mlimi anapita kuti?

Kuyambira zaka za m'ma 1950 kunabwera masitolo odzitengera wekha katundu, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 anali atamanga zinyumba zazikulu kunja kwa matauni, zokhala ndi malo oimikapo magalimoto mazanamazana. Anthu anazolowera kugula za mlungu wonse pa malo amodzi. Makampani owerengeka ndiwo anakhala ogula akulu a zokolola za dziko lonse, ndipo wogula akakhala mmodzi, ndiye achula mtengo. Karoti wokhota ndi apozi wa cipsera ankakanidwa ngakhale ali abwino kudya. Misika ya ziweto nayo inayamba kufa. Wa ku Banbury, umene unali pakati pa misika yaikulu ya ng'ombe mu Ulaya monse, unatsekedwa m'caka ca 1998. M'caka ca 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anagwa, ziweto zoposa mamiliyoni 6 zinaphedwa, ndipo misika ya ziweto inatsekedwa kwa miyezi yambiri.

Mkati mwa mabvuto omwewa ndimo munabadwira cinthu catsopano. M'caka ca 1996 Boma linalengeza kuti matenda a misala a ng'ombe angathe kugwira anthu, ndipo ogula anayamba kufunsa kumene nyama yao yacokera. Mu Sepitembala 1997, mu mzinda wa Bath, munatsegulidwa msika woyamba wa mtundu watsopano wochedwa msika wa alimi. Ucitika Loweruka liri lonse pa malo a siteshoni yakale ya sitima ya Green Park. Matauni ena anatengerako msanga, monga Stroud m'caka ca 1999, ndipo m'zaka zowerengeka misika yotere inafika mazana.

Mphamvu ya misika imeneyi iri m'malamulo awiri. Loyamba ndi lakuti katundu acokere pafupi, kawirikawiri mkati mwa mailosi 30. Laciwiri ndi lakuti woima kuseri kwa tebulo akhale amene analima, kuweta kapena kuphika cinthuco, kapena wa pa banja pace, kapena wanchito wace amene anagwirako. Wopikula saloledwa. Motero ndalama imene ikanatsalira munthu wa pakati ilowa m'thumba la mlimi tsiku lomwelo. Alimi a ku Petauke ndi ku Lundazi, amene adziwa mtengo wa nshawa pa khomo ndi mtengo wace zikafika ku Lusaka, safunika kuwafotokozera zambiri pamenepa.

Ndinaima nthawi yaitali pa tebulo lina la nyama ya nkhosa, kumvetsera. Mai wina wokalamba anafunsa kuti nkhosazo zinadya ciani, zinaphedwa liti, ndi kuti mwendo auphike maola angati. Mlimi anayankha zonse mosatopa, nachula ngakhale phiri limene zinali kudyako. Wogulitsa wotere sanganame, pakuti Loweruka likudzalo maiyo adzabweranso ndipo adziwa kumene famu iri.

Komabe sindingabise kuti msika wa alimi uli ndi cilema cace. Zinthu zambiri, makamaka nyama, chizi ndi buledi, zidula kuposa m'sitolo, cifukwa wolima pang'ono sangapikisane ndi wogula pa malole. Ofikako ambiri ndi a ndalama zao ndi alendo odzaona malo, pamene banja la malipiro ocepa likagulabe ku sitolo yaikulu kapena pa msika wakale wa pabwalo. Ndiponso nchito yace njowawa. Mlimi adzuka usiku kukama ng'ombe, aima pa mphepo maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo tsiku la mvula yamphamvu abwerera ndi theka la katundu.

Nthawi ya masana itapita, mlimi wa nkhosa uja anali atatsala ndi timapaketi tiwiri ta ciwindi. Anatiika m'bokosi la madzi oundana, napinda tebulo, nauza mnzace wa mazira kuti athamangira kwao cifukwa nkhosa zitatu ziri pafupi kubala.